Mawu a mlendo wolemekezeka pa mwambo wokhazikitsa chimbale cha akuluakulu oimba zida, kwa Chowe



Okonza mwambowu atabwera kudzandiitana, ndinafunsa kuti oimbawo ndi ndani. Ananditchulira maina onse, ine osadziwapo ngakhale limodzi. Atandiuza malo amene akhala akuimbamo zaka zonsezi, m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, m'maukwati ku boma, m'masitudiyo a ku Balaka ndi ku Blantyre, manyazi anandigwira. Anthu awa ndawavinira ine mpaka nsapato kutha chidendene, koma sindinafunsepo kuti bambo ali pa besi uja dzina lawo ndani.

Inu a kuno mukudziwa mmene usodzi wa nkacha umagwirira ntchito ku nyanja ya Malombe. Pamakhala munthu mmodzi amene amabira pansi pa madzi kukamanga khoka kuti kambuzi asathawire kunsi. Akavuuka, mpweya uli befu, nsomba zafika kale m'bwato. Pa doko ogula amatchula dzina la mwini khoka. Wobira uja palibe amufunsa. M'nyimbo nazonso alimo obira pansi: wa besi, wa ng'oma, wa kiyibodi, wa lipenga. Woimba mawu ndiye amajambulidwa pa chikuto atavala suti, iwo amalandira kangachepe tsiku lomwelo n'kubwerera kwawo pa minibasi.

Ndili mnyamata ndinagwirapo ganyu ya tchuthi pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja yathuyi. Madzulo alendo ankafuna nyimbo za Otis Redding, za Wilson Pickett, za Percy Sledge. Anyamata a bandi analibe mapepala a manotsi. Ankaphunzira ndi khutu: kaseti imodzi, kuibwezera ndi bolopeni kuti mabatire asathe, kumvetsera kachigawo komweko kakhumi mpaka chala chipeze pake. Waya wa gitala ukaduka, ankasomphola wa buleki ya njinga. Alendo ankaomba m'manja, ena kugwetsa misozi kumene. Ikatha dansi, oimbawo ankadyera kuseri kwa khitchini pamodzi ndi ife otsuka mbale. Ndinkaona ngati ndi mmene zimayenera kukhalira. Ndinali mwana.

Musaganize kuti ndi nkhanza za kuno kokha. Kwa eni ake a nyimbo za soul zinali chimodzimodzi. Ku Detroit, kampani ya Motown inali ndi gulu la oimba zida lotchedwa Funk Brothers, limene linaimba m'nyimbo za Stevie Wonder, The Temptations, The Supremes ndi ena ambiri. Kwa zaka zoposa khumi maina awo sankalembedwa pa zimbale. Anayamba kuoneka mu 1971 pa chimbale cha Marvin Gaye chotchedwa What's Going On. Katswiri wawo wa besi, James Jamerson, anamwalira mu 1983, ndipo kanema wofotokoza mbiri ya gululi anatuluka mu 2002, mwini wake ali m'manda kalekale.

Ifenso tili nawo athu. Amene munamvapo chimbale cha Paul Simon cha Graceland, cha mu 1986, gitala yokoma ija mbali yaikulu ndi ya Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene bambo ake anachokera kuno ku Malawi kukagwira ntchito ku South Africa. Erik Paliani, mwana wa kwathu konkuno, ndiye anakonza chimbale cha Hugh Masekela chotchedwa Phola. Nanga MBC Band, imene inaperekeza oimba ochuluka pa wailesi yathu zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndani pano angatchule amene ankaomba ng'oma m'menemo? Ndikuona manja awiri okha, ndipo onse ndi a anthu a imvi.

Pobwera kuno wina m'galimoto anandifunsa kuti, akuluakuluwa bwanji ajambula nyimbo za eni ake a ku America, osajambula manganje kapena sikiri? Funso labwino, koma yankho lili pabwalo pomwe pano. Beni amene timanyadira kuno ku Mangochi anayamba potsanzira perete ndi bandi ya asilikali a atsamunda. Lero ndani angatiuze kuti beni si wathu? Ndipo blues inabadwa pakati pa zidzukulu za anthu amene anatengedwa ukapolo kuchoka mu Africa. Gerhard Kubik, mkulu wa ku Austria amene anayenda zaka zambiri ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, analemba buku lonse pa nkhaniyi mu 1999, lotchedwa Africa and the Blues. Sananene kuti blues inachokera ku Malawi ayi, mizu yake yambiri anailoza ku West Africa. Koma amene anamvapo malemu Allan Namoko wa ku Thyolo akulira ndi banjo yake sadabwa kuti khutu la Mmalawi likamva blues limamva ngati za pachibale. Ndamvetsera chimbalechi kawiri m'sabata ino. Mawu ndi a Chingerezi, koma dzanja la pa ng'oma lija ndi la munthu amene anakula akumva ng'oma za ku jando. Pa nyimbo yachitatu gitala yachedwa pang'ono kulowa, ndipo ndawapempha kuti asakonze.

Kwa inu akuluakulu athu, pali ntchito imodzi yotsala. Nyimbo mwajambulazi zili ndi eni ake amene anazipeka, ndipo ngakhale ena anamwalira, mabanja awo ali ndi gawo. Pitani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso limene lakhalapo kuyambira 1992, mukalongosole za chilolezo chimbalechi chisanafike patali. Mukatero mukalembetsenso maina anu, aliyense ndi chida chake. Inu amene munadyeredwa masuku pamutu zaka makumi angapo musakhale oyamba kudyera anzanu. Ndipo inu achinyamata amene mukujambula nyimbo pa kompyuta m'zipinda zanu, mukaitana mmodzi wa madala awa kuti akuikireni besi, mulipireni, ndipo dzina lake lilembedwe pomwe mwalemba lanu, kaya ndi pa chikuto kaya ndi pa YouTube. Agogo athu Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, dziko lonse linadzawatembenukira mwamphamvu mu 2020 ataimbanso Linny Hoo ndi Patience Namadingo, ali ndi zaka 90. Si onse amene Mulungu amawapatsa zaka zodikirira motero.

Chimene chandikondweretsa kwambiri ndi chikuto ichi ndanyamulachi. Kutsogolo kulibe nkhope ya munthu mmodzi, onse aima mzere umodzi, ndipo kumbuyo kuli maina onse, mpaka wa maseche. A wapampando, ndikupempha kuti ndikakhala pansi muwawerenge mokweza limodzi limodzi, mwini dzina aziimirira, mafumu awaone.

Chimbale choyamba ndagula ndine, envelopu ndaipereka kale kwa msungichuma, ndipo amalonda a ku boma ndikukuonani pa mzere wachiwiripo, musazembe. Tsopano ndikulengeza kuti chimbalechi chakhazikitsidwa. Bambo a besi, tiyambitsireni ndinu.