Mnyamata Akayamba Kulota, Amulangiza Ndani?

Lero sindibisa mawu, choncho mundikhululukiretu.

Mtsikana akagwa pansi, anamkungwi amadziwa tsiku lomwelo. Koma mnyamata amakula mwakachetechete. Pakati pa zaka 9 ndi 14, ubongo umatumiza uthenga kumachende kuti ayambe ntchito. Machendewo amayamba akula kaye, kenako n'kuyamba kupanga mbewu za abambo, nthawi zambiri mwana ali ndi zaka pafupifupi 13. Mbewu imodzi imatenga miyezi iwiri ndi theka kuti ikhwime, ndipo zikangoyamba kupangidwa sizilekezanso mpaka kuukalamba.

Apa mumvetsetse. Mbewuzi zimayamba ndevu zisanamere, mwinanso mawu asanasinthe. Mwana amene mukumutuma kukatsekera mbuzi, wa Sitandade 7 uja, akhoza kupereka mimba ngakhale atagona ndi mtsikana kamodzi kokha.

Tsiku lina amadzuka n'kupeza kabudula wanyowa ndi umuna. Ena amachita mantha, kuganiza kuti adwala kapena awalodza. Ayi, si matenda, ndi kukula. Amayi, mukaona mwana akuchapa yekha chofunda mbandakucha, musamulalatire, musamusekenso pamaso pa alongo ake.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife tikakhala chete, anzake kudimba ndi kubwalo la mpira ndiwo amamulangiza. Amamuuza kuti umuna ukachuluka m'thupi umapweteketsa msana, ndiye apeze mtsikana. Limeneli ndi bodza. Mbewu zimene sizinatuluke thupi limazisungunula lokha, palibe chimene chimawonongeka. Zomuuza mwana wochokera kusimba kuti akasase fumbi nazonso n'zomupereka ku matenda opatsirana pogonana, HIV, ndi udindo wa ubambo asanathe n'komwe kudzigulira sopo. Malamulo a dziko lathu, kuyambira 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo lamulolo likukhudza anyamata omwe.

Atsibweni, abambo, agogo aamuna, ntchitoyi ndi yanu. Khalani naye pansi asanalote, osadikira milandu ifike kubwalo la amfumu kuno.

Ziwiri izi n'zakuchipatala. Mwana akamva ululu waukulu mwadzidzidzi kumachende, thamangani naye nthawi yomweyo, chifukwa mtsempha ukapotoka, m'maola ochepa okha tchende likhoza kufa. Ndipo akapitirira zaka 14 popanda chizindikiro chilichonse chakukula, mupite naye akamuyeze.

Tsopano ndilandira mafunso. Amene akuchita manyazi pagulu andipeza pambali tikamwazikana.