Mkono, Tcheni ndi Mita

Lero tiyambire pa Mkaika, pamene anthu ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana mwezi wa August kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Tiyese kuti mwatumidwa kuyesa bwalo la mwambowo, ndipo mulibe chingwe cha mamita. Mungayese ndi chiyani?

Makolo athu akanayankha msanga: ndi mkono, kuchokera pachigongono kufikira kunsonga ya chala chapakati. Umo ndimo anali kuyesera nsalu. Mkono ndi muyeso wakale kopambana, pakuti buku la Genesis litiuza kuti chingalawa cha Nowa chinali cha mikono 300 m'litali mwake. Koma taonani vuto lake. Imani pafupi ndi mphunzitsi wanu, mulinganize mikono yanu. Kodi ili yofanana? Wogulitsa nsalu wamfupi anali kupindula, wogula nalira! Aigupto anachenjera: anakhazikitsa mkono wachifumu, wa masentimita pafupifupi 52, naulemba pandodo.

Anthu oyesa malo anali ndi chipangizo china. M'chaka cha 1620 Mngelezi wina, Edmund Gunter, anakonza tcheni chachitsulo cha mfundo 100, chotalika mafiti 66, ndiwo mamita 20 ndi masentimita 12. Matcheni 80 ndiwo mailo imodzi. Munda wa matcheni 10 m'litali ndi tcheni chimodzi m'lifupi ndiwo ekala imodzi. Muona tsono kuti ekala imene atate anu amatchula imayesedwa bwino ndi tchenicho.

Tengani mapensulo. Tikati mkono wamba ndi futi limodzi ndi theka, tcheni chimodzi chili ndi mikono 44 yeniyeni. Gawani 300 ndi 44. Mwapeza matcheni osakwana 7 pang'ono, ndiwo mamita pafupifupi 137. Chingalawa chija sichikanakwana m'bwalo lanu la mpira.

Zimenezi si masewera chabe. Lima imodzi ndi mamita 50 mbali zonse, ndiwo masikweya mita 2,500, pamene ekala ili ndi 4,047. Mlimi wa ku Sinda amene ayesa kuti ekala ndi lima imodzi adzagula feteleza woperewera, ndipo chimanga chake chidzamuuza yekha.

Aphunzitsi, konzani luzi la mamita 20 ndi masentimita 12, ana ayese bwalo la sukulu, choyamba ndi mikono yao, pambuyo pake ndi luzilo. Mayankho osiyanawo alembedwe onse pabolodi. Tsalani bwino.