ZOBVALA ZA WOKWERA NJINGA YAMOTO PA MISEU YA KUMIDZI

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi wa ku Linthipe, m'boma la Dedza

Masiku ena timakamba za mbeu, za manyowa ndi za mizere ya m'munda. Lero ndifuna tikambe za thupi la mlimi mwini wace, pakuti khasu siligwira nchito lokha. Nkhani yathu ndi ya zobvala zoyenera munthu wokwera njinga yamoto, imene akulu amaicha mthuthuthu.

Kale njinga yamoto inali ya alangizi, ansembe ndi anthu a Boma. Tsopano iri m'midzi yambiri. Anyamata a kabaza amaima pa Linthipe ndi pa msika wa Chimbiya. Alimi amanyamulirapo kacewere, nyemba, tomato ndi matumba a feteleza. Odwala amapitira pomwepo ku cipatala. Zonsezi nzabwino, koma walira mvula walira matope. Mukangosiya mseu wa tala wa M1 kulowa ku midzi ya m'tsinde mwa phiri la Chongoni, kapena kutsikira ku madambo a mtsinje wa Linthipe, mupeza katondo woterera m'dzinja, mcenga ndi pfumbi mu September ndi October, nkhungu ndi cisanu mu June ndi July. Onjezanipo mbuzi, agaru ndi ngolo. Pa miseu yotere ngakhale woyendetsa waluso amagwa.

Taganizani za mlimi wothyoka mwendo mu December. Pfupa la mwendo limatenga miyezi itatu kapena kupitirira kuti lilunzike bwino. Kupalira kudzampita, kubandira kudzampita, ndipo ndarama za feteleza zidzathera pa maulendo a ku cipatala ca Dedza kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Njala ya caka cimeneco yayambira pa mseu, si m'munda ai. Nanga akabvulala m'mutu? Mwendo umalunzika, koma ubongo ukaonongeka kawiri-kawiri subwerera mwakale.

Cisoti

Cobvala coyamba ndi cisoti, cimene ambiri amati helemeti. M'caka ca 1935 msilikali wina wochuka wa ku England, T. E. Lawrence, anagwa pa njinga yamoto alibe cisoti, namwalira patapita masiku asanu ndi limodzi. Mmodzi wa madokotala amene anamuona, Hugh Cairns, anayamba kufufuza za imfa za okwera njinga, ndipo mu 1941 asilikali a ku Britain analamulidwa kubvala zisoti. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linafalitsa kuti cisoti cobvalidwa bwino cimacepetsa imfa ndi magawo 42 pa 100, ndi kubvulala m'mutu ndi magawo 69 pa 100. Malamulo a pa mseu a dziko lathu nawo afuna kuti woyendetsa ndi wokwezedwa yemwe abvale cisoti.

Cisoti ciri ndi mbali zitatu. Kunja kuli cigoba colimba, coletsa mwala kapena citsa kuboola. M'kati muli cinthu coyera, copepuka, cocindikala pafupi-fupi ngati zala ziwiri. Ici ndico mwini nchito: munthu akagwa, ico cimaphwanyika m'malo mwa mutu. Cacitatu ndi lamba wa pa cibwano, wosunga cisotico kuti cisabvuke. Pogula citani izi:

1. Kankhani kansaru ka m'kati, mukanikize ndi cala cacikulu. Mukapeza cofewa ngati thonje, ndipo cala cifika pa cigoba, musagule. Cimeneco ndi cipewa ca dzuwa cabe.

2. Yang'anani cizindikiro. Cisoti coyesedwa monga mwa malamulo a ku Ulaya ciri ndi kansaru kosokedwa pa lamba, kolembedwa E ndi nambala m'kati mwa kamzere kozungulira. Zina ziri ndi malemba akuti DOT kumbuyo. Koma kapepala komata aliyense angathe kumata, cotero musaleke kuyesa ndi cala.

3. Bvalani, mumange lamba, mupukuse mutu. Cisoti ciyende pamodzi ndi mutu, cisagwedezeke pa cokha. Mnzanu acigwire kumbuyo ndi kucikokera kutsogolo; cikabvuka, ncacikulu.

4. Sankhani cophimba ndi cibwano comwe. Munthu akagwa cafufumimba, cibwano ndi mano ndizo zimayamba kugunda pansi.

5. Sankhani coyera kapena ca mtundu wowala, kuti oyendetsa magalimoto akuoneni patali.

Cipewa ca amisiri omanga nyumba kapena ca ku migodi si cisoti ca njinga. Cija anacipangira njerwa yogwa kucokera pamwamba, ndipo pa ngozi ya njinga cimauluka mutu usanafike pansi. Cisoti cosamanga lamba naco cimacita cimodzi-modzi. Mangani kotero kuti pakati pa lamba ndi cibwano palowe zala ziwiri zokha. Cisoti copacika pa cigongono kapena pa handulo, cobvalidwa pokha-pokha mukaona apolisi, ciribe cimene citeteza.

Dziwaninso kuti cinthu coyera cija cimagwira nchito kamodzi. Cisoti cimene cinagundapo pansi kolimba catha, ngakhale kunja cioneke cosalala. Cifukwa cace cenjerani ndi zisoti za pa kaunjika, pakuti simudziwa kumene zinagwera. Musaciike pafupi ndi moto, ndipo petulo asacikhudze, cifukwa amasungunula za m'katizo. Musatungiremo madzi kapena kuyeseramo nyemba.

Maso

Galasi la cisoti likhale loyera. Lakuda ndi la usana wokha. Madzulo limabisa maenje ndi anthu oyenda pansi. Galasi lokalika-kalika limamwaza kuwala kwa nyali za magalimoto, ndipo muyenera kugula lina. Musalipukute louma pfumbi liri pomwepo. Tsukani ndi madzi ndi sopo pang'ono. Ngati cisoti ciribe galasi, bvalani magalasi ochinga maso. Kacirombo kamodzi kolowa m'diso pa mtsetse kangathe kugwetsa anthu awiri.

Manja ndi mapazi

Munthu akamagwa amatsogoza manja, ndipo manja ndiwo cuma ca mlimi. Bvalani magolovesi a cikopa ophimba zala zonse. M'miyezi ya cisanu athandizanso kuti zala zisaume, pakuti zala zouma ndi mphepo zimacedwa kugwira mabuleki.

Ku mapazi, patapata ndi nsapato za pulasitiki nzoipa. Phazi limaterereka pa citsulo copondapo, zala zimagunda zitsa, ndipo njinga ikagwa imapsinja kakolo. Nsapato yoyenera ndi jombo ya cikopa yofika pamwamba pa kakolo, ya pansi polimba. Zingwe zace muzilowetse m'kati kuti zisakodwe. Jombo za mphira za ku dimba ziposa patapata, cifukwa zichinga matope ndi kutentha, koma sizigwira kakolo ndipo zimabvuka msanga.

Thupi

Bvalani buluku lalitali la nsaru yolimba monga jinzi, ndi jekete la manja atali la cikopa kapena la nsaru yokhuthala. Nsaru ya nailoni imasungunuka munthu akamakhuluzika pansi, ndipo imamatirira pa bala. Kabudula asiya mwendo pa mtunda, ndipo paipi ya utsi, imene anyamata amati ekizozi, imaocha kwambiri. Amene angathe agule zochinga maondo ndi zigongono. Pamwamba pa zonse bvalani kamalaya konyezimira kaja, makamaka m'mamawa wa nkhungu ndi madzulo pa M1, pamene malole akulu amathamanga.

Kwa amai ndinena mau awa. Citenje colendewera cimakodwa m'cheni kapena m'masipoko a gudumu la kumbuyo, ndipo cimamkokera munthu pansi asanafuule nkomwe. Musanakwere, pindani citenje ndi kucipana bwino, mpango nao mumange. Musacite manyazi kupempha cisoti kwa wa kabaza; ngati muopa thukuta la anthu ena, bvalani duku lopyapyala m'kati. Mwana wa kumsana alibe cisoti comkwana, cotero ngati pali njira yina yoyendera, sankhani imeneyo.

Ena adzati zonsezi nzodula. Nzoona. Musagule tsiku limodzi. Mukagulitsa soya kapena kacewere yambani ndi cisoti, kenaka jombo, kenaka magolovesi, jekete pambuyo. Amene wapeza ndarama za njinga awerengere zisoti ziwiri pa mtengo wa njingayo asanapite kukagula.

Ngozi ikacitika

Musamnyamule wobvulala mothamanga, ndipo musapinde khosi lace. Ngati alikupuma bwino, musalimbane ndi kubvula cisoti. Munthu amene wagunda mutu, ngakhale palibe bala, apite ku cipatala tsiku lomwelo ngati anakomoka, ngati alikusanza, ngati ali ndi tulo tacilendo kapena alankhula zosokonezeka. Magazi angathe kukha m'kati mwa mutu osaoneka kunja. Pa bala la moto wa ekizozi thirani madzi ozizira oyera kwa mphindi 20; musapakepo mafuta, dothi kapena mankhwala otsukira mano.

Kwa mafumu ndi nyakwawa

Inu eni mudzi, maliro akagwa uthenga umayamba kufika pa khomo panu, ndipo ana amasiye amatsala m'manja mwanu. Apolisi sangaime pa njira iri yonse ya kumudzi, koma inu anyamata a kabaza mumawadziwa maina ndi makolo ao. Aitaneni pa bwalo pamodzi ndi atsogoleri ao, mupangane kuti njinga iri yonse yonyamula anthu ikhale ndi zisoti ziwiri, isakweze anthu atatu kapena anai, ndipo woledzera asagwire handulo. Mvula ikakumba ngalande pa mseu kapena kucotsa thabwa pa mlatho, memezani anthu akonze, kapena aikepo nthambi zocenjeza. Ndiponso inu nomwe, pokwera kupita ku msonkhano, bvalani cisoti anthu akuona. Mfumu ikabvala, mnyamata sadzanena kuti cisoti nca amantha.

Akulu anati tsoka silinunkha. Bvalani musanalize njinga, ngakhale ulendo uli wa ku cigayo pafupi pomwepa. Amene ali ndi mafunso afunse mlangizi wa dera lace, kapena apolisi a pa mseu ku Dedza. Tsalani bwino nonse, ndipo muyende bwino.