Mafumu Awiri a ku Aigupto ndi Alendo a pa Malire

Mau olalikidwa ku Mlanda. Powerenga: Genesis 47:1-12 ndi Eksodo 1:8-14.

Lero tamva za mafumu awiri a dziko limodzi. Onse awiri dzina lao Farao, onse awiri anali ndi mphamvu pa malire a dziko, ndipo pamaso pao panali mtundu womwewo wa alendo, ndiwo ana a Yakobo. Woyambayo anaona anthu othawa njala. Anawafunsa nchito yao, nawaloza ku Goseni, ndipo Yosefe anagawira banja liri lonse cakudya. Waciwiriyo anaona unyinji wao, nacita mantha, nawaikira akapitao ndi nchito ya njerwa. Mphamvu inali imodzi, koma mitima yakuigwira inasiyana.

Izi siziri zakutali kwa ife a ku Ntcheu. Mseu waukuru wopita pa Biriwiri ndi pa Lizulu utsata malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Malirewo anapangana Angelezi ndi Apwitikizi mu 1891, nagawa pakati Angoni a mtundu umodzi. Tsono nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula mu 1986, anthu a ku Angonia anadumpha mseuwo, mwana kumbuyo, mphika pamutu, opanda ciphaso ciri conse. Ndani aima kufuna kalata ya ulendo nyumba yace iri kupsa? Pofika 1992 othawa nkhondo m'dziko muno anapitirira 1,000,000. Ndipo pa kalembera wa 1987 anthu onse a m'Malawi anali pafupi 8,000,000.

Boma likadatha kuwabweza, koma silinatero. Linalola mafumu a m'midzi kuwapatsa malo, kotero kuti kuno ambiri anamanga pakati pathu. Linaitana bungwe la UNHCR, ndipo a Red Cross anagawa ufa, nyemba ndi mafuta. Mu 1989 linaika lamulo la othawa kwao, pamodzi ndi komiti yakumva nkhani zao.

Tisapeputse mphamvu yotere, abale, pakuti khamu likafika modzidzimutsa cifundo ca munthu mmodzi sicikwanira. Pafunika wolemba maina, kuti mkazi wamasiye angadumphidwe pa mzere wa ufa. Pafunika wolamula za zitsime ndi zimbudzi, kuti kolera ingalowe m'mudzi. Pafunikanso wolanda mfuti kwa iye wakubisala pakati pa akazi ndi ana. Boma lakucita izi liri mtumiki wa Mulungu, ndipo tiyenera kulimvera.

Sitibisa kuti katunduyo analemera. Mapiri athu anayera cifukwa ca kufuna nkhuni, minda inacepa, ndipo ena a ife tinang'ung'udza. Koma akuru anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Pangano la mtendere litalembedwa ku Rome pa 4 October 1992, alendo aja anayamba kubwerera kwao, ndipo lero tigulana nao mbatata ndi kabichi pa msika wa Lizulu monga abale.

Koma mtima wa Farao waciwiri sukhala kutali ndi mtundu uli wonse, ngakhale wathu. Ku Dowa kuli Dzaleka, malo amene kale anali ndende ya ogwidwa pa ndale, ndipo mu 1994 anasanduka msasa wa othawa kwao. Pofika 2023 okhalamo anapitirira 50,000, ambiri a iwo ocokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu May 2023 apolisi ndi asilikari anagwira alendo okhala kunja kwa msasawo mu mzinda wa Lilongwe, ndi ana omwe, nayamba awasunga ku ndende ya Maula asanawatengere ku Dzaleka. Boma linati litsata lamulo, ndipo lamulolo liripodi. Koma ife tifunsa: mwana analakwanji kuti agone m'ndende?

Cifukwa cace mphamvu iri yonse imene boma litenga pa nthawi ya tsoka tiiyese ndi mafunso atatu. Kodi isunga moyo wa mlendo ndi wa mwini mudzi pamodzi, kapena ingotonthoza mantha athu? Kodi wogwidwayo ali napo podandaula pamaso pa woweruza? Kodi tsoka likatha mphamvuyo idzabwezedwa m'cimake, kapena idzatsala ifunafuna wina womkantha?

Inu aphunzitsi a m'midzi, mwana wa mlendo akafika pa khomo la sukulu wopanda kalata, musambweze. Lembani dzina lace, mumpatse pokhala, ndipo za kalata mukambe ndi akuru pambuyo pace. Inu akuru a mpingo, perekezani mlendo kwa mfumu ndi ku boma kuti alembedwe, pakuti wosalembedwa ndiye asanduka nyama ya onyenga. Ndipo tonse tipempherere olamulira athu, tiwathandize pa cabwino, ndi kuwauza mwaulemu pamene dzanja lao lalemera.

Tikumbuke kuti Ambuye wathu ali khanda anathawitsidwa usiku kunka ku Aigupto komweko, ndipo sanatenge kalata kwa Herode. Akafika pa mseu wathu mawa, adzapeza Farao uti? Amen.