Tisasunge Zithunzi Zopanda Mayina

 Tikudziwa kuti ambiri mwachokera kuntchito, ena mulowa usiku uno, choncho tiyesetsa kuti tisakuchedwetseni.

Titauza a komiti kuti lero tikufuna kukamba za scrapbook, abambo ena anaseka. Anati, "Zimenezo si za adona a ku Sandton, amene ali ndi nthawi yodula mapepala tsiku lonse?" Sitinawakwiyire, chifukwa nafenso tinkaganiza chomwecho. Amayi amene mumagwira ntchito m'nyumba za mabwana mwawaonapo mabukuwa. Limakhala buku lalikulu la masamba olimba, m'kati mwake amamatamo zithunzi, matikiti, makalata ndi maluwa ouma, pansi pake n'kulemba mawu. Ena mwa inu mumawapukuta fumbi Lachisanu lililonse. Ife lero tingolitcha buku la zikumbutso.

Chimene chinatisintha maganizo ndi maliro. Chaka chatha tinataya bambo wina wachikulire, mtchona weniweni, amene anakhala kuno ku Joni zaka zoposa 30. Ankagona yekha m'kachipinda kakuseri kwa nyumba imene ankagwirako ntchito ya m'dimba la maluwa. Titapita kukalongedza katundu wake tinapeza chitini cha mabisiketi pansi pa bedi, chodzaza ndi zithunzi. Munali ukwati, ana atavala yunifolomu ya sukulu, agogo ena ataima pakhonde lichero lili m'manja, mnyamata atatsamira njinga yatsopano. Tinakhala pansi n'kumazitembenuza chimodzichimodzi, kufunafuna dzina, mudzi, ngakhale boma lokha. Kumbuyo kwa zonsezo kunali koyera. Foni yake inali yokhoma. Anzake ankangomudziwa ndi dzina la kuntchito. Ena ankati kwawo n'ku Mzimba, ena ankati ayi, n'ku Dedza. Thupi linakhala kunyumba yachisoni mwezi wathunthu ndi masiku, ife tikuimba mafoni uku ndi uko. Abale onse amene tinkawafunawo anali m'chitini muja, akutiyang'ana, koma panalibe wotiuza kuti awa ndi a uje, a kwa mfumu yakuti.

Paja akuluakulu anati chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu. Ife chisanu chathu chinali chimenecho. Titabwerera kunyumba tinatulutsa zithunzi zathu, ndipo tinachita manyazi, chifukwa nazonso zinali chimodzimodzi.

Nkhani ya mapepala otayika si yachilendo kwa ife. Makolo athu ankabwera kuno ndi Wenela, kenako TEBA. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito. Anadzayambanso patapita zaka zochepa, koma mu 1988 zinatheratu. Ambiri anabwerera kumudzi ndi sutikesi, bulangeti ndi wayilesi. Mapepala a ntchito anawaika kudenga, chiswe n'kudya. Ndiye mu 2019 khoti linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni wolipira amene anadwala silicosis, matenda a fumbi la m'migodi, ndi TB m'migodi ya golide ya makampani 6, ndipo panakhazikitsidwa Tshiamiso Trust yoti izipereka ndalamazo. Mgwirizanowo ukuwerengera amene anagwira ntchito kuyambira March 1965 mpaka December 2019. Kuti munthu alandire, pamafunika umboni woti anagwiradi pamgodi wakuti, zaka zakuti. Taganizani mayi wamasiye amene akungodziwa kuti amuna ake "anali ku Joni", sadziwa dzina la mgodi, sadziwa nambala yawo ya ntchito. Ayambira pati?

Tsono buku limene tikunenali ndi losangalatsa kupanga, inde, ndipo tifika pa zokongoletsa. Koma mtima wake ndi mawu amene mulembe pansi pa chithunzi. Dzina lonse la munthu, osati "achimwene" pokha. Ubale wake ndi inu. Mudzi, mfumu, T/A, boma. Chaka, ngakhale chongoyerekeza. Tsamba lopanda maluwa koma lili ndi mayina laposa tsamba lonyezimira lopanda mawu.

Zipangizo musachite nazo mantha. M'masitolo a zolembera, monga PNA, mupeza mashelefu odzaza ndi timapepala tamitundumitundu, masitika, timaliboni, ndi mabuku aakulu a masamba a 30 cm mbali zonse. N'zokongola, koma ndalama zake mungagulire thumba la ufa. Ife tinayamba ndi fayilo wamba ya A4 ya zitsulo ziwiri, timatumba tapulasitiki tolowetsamo mapepala, mapepala okhuthala pang'ono, sizasi, pensulo ndi guluu wouma wopaka ngati Pritt. Fayilo ili ndi ubwino wake: mukapeza chithunzi china chaka chamawa, mumangotsegula zitsulo n'kulowetsa tsamba pakati.

Pogula yang'anani mawu awiri pachikutiro, akuti acid free. Pepala wamba limakhala ndi asidi amene m'kupita kwa zaka amalisandutsa lachikasu ndi lofumbutuka, ndipo amawononganso chithunzi chimene chagonapo. Mwaona mmene nyuzipepala imakhalira ikakhala pawindo sabata imodzi. N'chifukwa chake nkhani ya m'nyuzipepala musamate yeniyeniyo pafupi ndi chithunzi, ipangitseni fotokope. Timatumba tapulasitiki natonso n'tosiyana. Tabwino n'tolembedwa PP kapena polypropylene. Tija ta PVC, tonunkha pulasitiki kwambiri, timakakamira pachithunzi n'kukoka inki.

Apa tiulule tchimo lathu. Tsamba lathu loyamba tinamata ndi selotepi, ngodya zonse zinayi, tikuona ngati tachita zanzeru. Mayi wina amene anagwirapo ntchito kwa adona okonda mabukuwa anangoti, "Mayo ine, matulani msanga!" Selotepi ikakalamba imasanduka yofiirira, imauma n'kugwa, koma imasiya banga losachoka pankhope ya munthu. Ma stapler nawo amachita dzimbiri. Ndipo inu amene munakula mukumata envulopu ndi nsima ngati ife, musayerekeze, mphemvu za kuno sizisiyana ndi za kumudzi. Chithunzi chakale, chimene chilibe chinzake, musachipake guluu n'komwe. Pali tingodya tapepala totchedwa photo corners, mumamata tingodyato patsamba, chithunzi n'kumangolowa ndi kutuluka. Ngati simunatipeze, dulani ngodya za envulopu yakale, zimagwira ntchito yomweyo. Kapena chekani timizere tinayi topingasa patsambalo n'kulowetsamo ngodya za chithunzi.

Kumbuyo kwa chithunzi lembani ndi pensulo yofewa, ya 2B, mosakanikiza. Bolopeni imadinda mpaka kutsogolo. Zithunzi zina zatsopano n'zoterera kumbuyo, pensulo sigwira. Zoterozo lembani pakapepala n'kumata pambali pake patsamba.

Pali chinthu chimodzi chimene tikupempha kuti muchigwire bwino, ngakhale muiwale zina zonse. Pepala la boma kapena la ntchito silimatidwa, silidulidwa, silibooledwa. Pasipoti yakale, chiphaso chogwirira ntchito, satifiketi yobadwira mwana, ya ukwati, kalata yolembedwera ntchito, mapepala a malipiro, a UIF, khadi la kuchipatala la mwana, zonsezi zikhale mu envulopu yakeyake yolimba, pamalo amene munthu mmodzi wokhulupirika akuwadziwa. M'buku muzilowa mafotokope okha, ndipo ngakhale pamenepo muziganiza. Buku la zikumbutso limaonedwa ndi alendo, limayenda m'manja ambiri. Nambala ya pasipoti ndi ya kubanki ziphimbeni. Koma dzina la kampani kapena famu imene munagwirako, tauni yake, chaka chimene munayamba ndi chimene munasiya, zimenezo lembani momveka, ndi chithunzi chanu muli m'zovala za ntchito. Musachite manyazi ndi ovolosi kapena epuloni. Ndi zimene zamanga nyumba kumudzi.

Za malisiti tichenjezane. Aja amene timalandira tikatumiza ndalama kumudzi, kapena a patilu, sadindidwa ndi inki ayi, ndi pepala limene limada likatenthedwa. N'chifukwa chake pakapita miyezi mumapeza layera mbee, ngati simunatumizepo kanthu. Mukalipititsa kumakina a lamineti, amene amamata pulasitiki ndi kutentha, limada lonse bii nthawi yomweyo. Lipangitseni fotokope likadali latsopano, kapena lijambuleni ndi foni. Bambo wina pakati pathu anakangana ndi achimwene ake chifukwa cha ndalama za malata, wina akuti ndinatumiza kanayi, wina akuti ndinalandira kawiri. Malisiti anali nawo, koma onse anali atafufutika. Masatifiketi enieni nawonso musawachite lamineti, pali maofesi amene amakana pepala lotere.

Tsopano tifike pokomapo. Kodi m'bukumo muikemo chiyani?

Ife tinayamba ndi tsamba la ulendo. Ambiri tinadzera njira imodzi: Blantyre, Mwanza, Zobue, kuoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, Musina, mpaka Park Station. Tinajambula mzere wokhotakhota ndi pensulo, n'kusokerera ulusi wofiira pamwamba pake, pamalo paliponse n'kumata batani laling'ono ndi dzina lake. Tikiti ya basi inalowa pakona. Pansi tinalemba zimene tinadya panjira ndi amene anatilandira usiku woyamba. Ana athu, amene anabadwira kuno, anatenga tsambalo n'kumatsata ulusi ndi chala. Wamng'ono anafunsa kuti, "Ndiye munagona kuti?" Zaka zonsezi sanafunsepo.

Tsamba lina likhale la mtundu wanu. Mfunda, kaya ndinu a Phiri, a Banda, a Mwale kapena a Nkhoma. Mayina a agogo mbali zonse ziwiri. Amalume ndani, mwini mbumba ndani, manda a makolo ali kuti, munda uli mbali iti ya mtsinje. Ana athu kuno amayankhula Chizulu, Chisutu ndi Chingerezi, Chichewa amangomva. Lembani m'Chichewa, kapena Chitumbuka, Chiyao, chilichonse cha kwanu, pansi pake mulembe mzere umodzi m'Chingerezi. Tsiku lina mwanayo adzatsika basi ku Wenela ku Blantyre ali yekha, ndipo adzafunika kudziwa wofunsa.

Zina mudzipezera nokha. Mayi wina anaika tsamba la nyumba imene akumanga, kuyambira chithunzi cha uvuni wa njerwa mpaka tsiku lokhoma malata. Wina anapempha mayi ake kumudzi kuti alembe ndi dzanja lawo kaphikidwe ka chigumu ndi thobwa, n'kutumiza ndi wa basi. Ena amata ndalama zakale zapepala, zija zinali ndi nkhope ya John Chilembwe pa ndalama iliyonse zisanasinthidwe mu 2012. Masitampa a pamakalata akale, pulogalamu ya maliro, khadi la ubatizo, lipoti la sukulu, chidindo cha phazi la khanda. Zokongoletsera musagule. Pitani kwa telala mukapemphe zidutswa za zitenje, amangozitaya. Chikuto cha fayilo chikakutidwa ndi chitenje n'kusokedwa m'mphepete chimaposa cha m'sitolo. Mungodziletsa pang'ono, chifukwa taonapo tsamba limene maliboni anachuluka mpaka agogo osaoneka.

Achinyamata mukuti, "Ife zathu zonse zili m'foni." Tamva. Koma ndi angati muno amene sanabedwepo foni, kapena kuigwetsera m'madzi? Sankhani zithunzi 10 zokha, mukazitsukitse za saizi wamba ya 10 cm ndi 15 cm. Foniyo ili ndi ntchito ina yaikulu. Mukamaliza tsamba, lijambuleni, mutumize pa WhatsApp kwa mbale wa kumudzi ndi kwa wina wa kuno. Muchitenso chimodzimodzi ndi mapepala a mu envulopu muja, koma kwa munthu amene mumamukhulupirira yekha. Tikunena izi chifukwa tinaona. Mu May 2008, ziwawa zothamangitsa alendo zitayamba ku Alexandra, anthu 62 anaphedwa, ndipo ambiri anathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Mu August 2023 moto wa m'nyumba ija ya ku Marshalltown unapha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi anzathu, ndipo opulumuka ambiri anatsala opanda pepala lililonse. Buku nalonso limapsa. Likhale ndi mnzake kutali.

Posunga, musaliike pansi pa matiresi kapena pasimenti, chinyezi chimabweretsa chuku. Musaliike pafupi ndi mbaula kapena pawindo. Liimikeni m'kabati kapena m'katoni pamalo okwera.

Ntchitoyi imakoma mukakhala awiri kapena atatu, Lamulungu masana, tiyi ali pambali koma patali ndi zithunzi. Munthu ukakhala wekha m'chipinda umangoyang'ana chithunzi n'kugwetsa misozi. Mukakhala gulu wina amafunsa kuti awa ndani, iwe n'kuyamba kufotokoza, mnzako n'kumalemba. Amene dzanja limavuta kulemba musadandaule, tidzakulemberani, inu muzingonena.

Pamsonkhano wa mwezi wamawa aliyense abwere ndi zithunzi 5 ndi chidutswa cha chitenje. Mafayilo, guluu ndi mapepala tayamba kale kusonkhanitsa, amene muli ndi sizasi kunyumba mubwere nazo chifukwa tili ndi zitatu zokha. Musanabwere, imbani kumudzi mufunse mayina amene mwaiwala, agogo akadalipo. Abambo aja munaseka ku komiti, tebulo lanu tidzaliika pafupi ndi khomo, kuti mukatopa muzitha kutuluka osatisokoneza. Chitini cha malemu chija tinatumiza kwa mlongo wawo ku Ntcheu, ndipo watilonjeza kuti akhala pansi ndi akuluakulu a m'mudzimo alembe mayina.