MAKINA OYERETSERA KAPETI M'NYUMBA

 Lero tikambirana za makina oyeretsera kapeti.

Pa zaka zapitazi nyumba zambiri zamangidwa m'mbali mwa mseu wa Great East, kucokera ku Silverest kufikira ku tauni ya Chongwe. M'nyumba zimenezi anthu akuyala kapeti pamene makolo athu anali kuyala mphasa. Mphasa timaikung'untha pabwalo, nchito nkuthera pomwepo. Koma kapeti imabisa litsiro lace.

Kuyambira August kufikira October mphepo imanyamula pfumbi la m'minda ndi la m'miseu yopanda phula, nilowa nalo m'nyumba. Mcenga umatsikira pansi pa ulusi wa kapeti, ndipo tikamapondapo umaceka ulusiwo pang'onopang'ono. Tsace limacotsa za pamwamba zokha, ndipo pfumbi losalala limauluka nkulowa m'mphuno mwa mwana wokwawa. Inu a ku migodi mudziwa bwino kuti pfumbi losaoneka ndilo loopsa pa cifuwa. M'pfumbi la m'nyumba mulibe mwala wa pansi pa mgodi, koma muli tizirombo tosaoneka ndi maso timene timautsa nthenda ya mphumu.

Makina ali a mitundu iwiri. Oyamba ndi okoka pfumbi louma, amene timawacha huva. Anawakonza ndi James Spangler wa ku Ohio ku America, munthu wosesa m'sitolo amene pfumbi linali kumsautsa cifuwa, ndipo m'caka ca 1908 William Hoover anagula nzeruyo nayamba kuwagulitsa. Aciwiri ndi ocapa: amathira madzi a sopo m'kapeti, nawayamwanso pamodzi ndi litsiro. Ngati ndarama zanu zikwanira amodzi okha, gulani huva, pakuti nchito yace ndi ya sabata ndi sabata. Ocapawo amafunika kamodzi kapena kawiri pa caka. Mungathe kubwereka polipira, kapena kusonkherana ndi anansi anu.

Pogula, tembenuzani makinawo ndi kuwerenga kacikwangwani ka pansi pace. Magetsi athu a ZESCO ndi a mavoti 230. Makina akale ocokera ku America ndi a mavoti 120, ndipo mukawalumikiza kuno adzapsa. Onaninso mawati. Huva ya mawati 1,500 ikagwira nchito mphindi 20 imadya theka la yuniti. Si ndarama zambiri. Koma mphamvu imene imakoka nthawi imodzi ndi yaikuru, ndipo inveta yaing'ono ya sola, yoyatsira nyale ndi wailesi, singaipirire. Cotsiriza, funsani wogulitsa ngati matumba ndi sefa zace zimapezeka mu Lusaka. Makina osowa sefa amasanduka cokongoletsa ngodya ya nyumba.

Pogwiritsa nchito huva, yambani mwatola misomali, zingano ndi ndarama zacitsulo. Kankhani pang'onopang'ono, mudutse pa malo amodzi kawiri kapena katatu. Thumba musalilekerere kudzaza, cifukwa likadzaza makina amafooka ndi kutentha. Kakhutuleni pabwalo, kutali ndi khomo. Ndipo musayese konse kuyamwa madzi ndi huva ya pfumbi louma, pakuti madzi akafika pa magetsi angaphe munthu.

Tsono nkhani yaikuru iri pa kucapa. Kapeti zambiri zimaonongeka ndi madzi koposa ndi pfumbi. Yambani mwakoka pfumbi louma, apo ai mudzaponda matope. Sopo akhale wopangidwira makinawo, pa muyeso wolembedwa. Sopo wa ufa wocapira zobvala amacita thobvu lambiri, ndipo wotsalira m'kapeti amakoka litsiro latsopano. Yesani pa kangodya kobisika kuti muone ngati mtundu susuluka. Mukathira madzi kamodzi, yamwani kawiri osathiranso.

Sankhaninso nyengo. Kapeti ikagona yonyowa tsiku limodzi kapena awiri imayamba cuku ndi kununkha, ndipo pfungolo silituruka msanga. Cifukwa cace musacape pa dzinja, pamene mvula iri kugwa ndi cinyezi ciri m'nyumba. Capani m'mawa m'mwezi wa September kapena October, mazenera onse ali otsegula, kuti pofika madzulo yauma.

Kumbukiraninso cimene tinaona m'caka ca 2024. Mvula itakana, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Makina ocapa akaima kapeti itamwa kale madzi, palibe cina coyamwira madziwo. Tero musanathire dontho loyamba, dziwani bwino kuti magetsi akhalapo kufikira nchito itatha. Akazima mwadzidzidzi, pondani kapetiyo ndi matawulo ouma, ndipo ngati ndi yonyamulika, kaiyanikeni pabwalo pa mphepo.

Potsiriza, abale anga, ikani copondera pakhomo, ndipo nsapato zizitsala pomwepo. Mcenga umene sunalowe m'nyumba sufuna magetsi kapena sopo.