MUDZI WOPANDA ANTHU KU SINGAPORE

Pa cisumbu ca Singapore anthu ambiri amakhala m'nyumba za Boma, ndipo nyumba yosowa mwini siioneka kawirikawiri. Koma munthu wa ulendo wa pansi amene alawira m'mamawa kunka ku Lim Chu Kang, dziko la minda ndi manda kumpoto ca kumadzulo, dzuwa lisanafike pamutu apeza mudzi wa Boma uli zii.

Dzina lace ndi Neo Tiew. Unamangidwa m'caka ca 1979: nyumba zitatu zosanjikiza katatu, msika, ndi bwalo losewerapo ana. M'caka ca 2002 Boma linasamutsira eni ace ku Jurong West. Nyumba zatsopano anapatsidwa ndithu, koma mnansi wa zaka makumi awiri sapatsidwa ndi Boma.

Pambuyo pace malowo anaperekedwa kwa asilikari kuti aziphunziramo nkhondo ya m'makwalala. Cifukwa cace mlendo aima kunja kwa mpanda, pakuti kulowa ndi mlandu. Ali pomwepo aona mazenera akuda, utoto wosuluka ndi mvula, ndi msika umene amai anali kutsatsirana malonda mbanda kuca.